Ufa Woyera m'Kabati ya Mlamu

Kabotolo ka ufa woyera kanali patebulo, pakati pa mbale ya shuga ndi magalasi owerengera, ndipo mlongo wake anali atakavindikira ndi kapu ngati kangathawe.

Mchimweneyo a m'nyumbamo ankamutcha Mlendo. Anachoka ali ndi tsitsi lonse, n'kukakhalitsa kunja akukonza zolakwika m'mabuku a anthu ena, ndipo pobwera anapeza kuti dzina lake lenileni linatha ntchito limodzi ndi telefoni yapakhoma. Sitolo ya mabuku ya pakona inali itasanduka yogulitsa zikwama za foni. Holo ya kanema inali tchalitchi. Mtengo wa mapeyala umene ankakwera anaudula kuti pakhale poimika galimoto, galimotoyo n'kusagulidwa. Amayi ake anamwalira iye asanafike. M'tauni yonseyo zinthu ziwiri zokha ndi zimene anazipeza monga anazisiyira: thanki yagalasi ya nsomba za mayi ake pabalaza, ndi pakamwa pa mlongo wake, amene kuyambira ku pulayimale ankatchedwa Wailesi.

Wailesi anafotokoza mosapuma. Kabotoloko anakapeza m'kabati ya mkazi wa mng'ono wawo, kuseri kwa ulusi ndi mabatani. Pambali pake panali kathumba ka makala ophwanyaphwanya. Bambo awo, amene onse ankawatcha Mdala akakhala kuti sakumva, anali atawonda mpaka lamba kumuboola mabowo atsopano, ndipo wowaphikira anali mlamuyo, poti mwamuna wake amakhalira pamsewu ndi lole. Wailesi anali atauza kale Sajeni, wapolisi wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo Sajeni analonjeza kuti akaweruka masana adzamutenga mayiyo akayankhe kupolisi.

"Choyera ndi chakuda, achimwene," anatero. "Mabuku mwawerenga ambiri. Ndiuzeni limodzi limene munthu wabwino amabisa ufa ndi makala m'kabati."

Mlendo anavundukula kapu, n'kukhuthulira pang'ono pa sosala. Ufawo sunkanunkha kanthu. Anauyala ndi nsonga ya supuni, monga ankayalira chiganizo chokayikitsa, ndipo pakati pake anapeza kachibenthu kosasinjika bwino, kokhala ndi kamzere pakati. Anali mapiritsi. Wina anawasinja ndi dzanja lofulumira.

M'mabuku amene anakalamba nawo, wopha munthu ndi poizoni amakhala waudongo kuposa wina aliyense m'nyumba. Sasiya kabotolo pamene mlamu wake amabwerekapo singano. Koma mabuku amenewo analembedwa ndi anthu amene sanakumanepo ndi Wailesi, ndipo Mdala anali atawondadi.

"Undipatse mpaka masana," anatero.

Wailesi anayankha kuti masanawo si ake, ndi a Sajeni.

* * *

Mlamu anali telala, ndipo makina ake anali m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Mlendo atalowa, makinawo sanaime. Mayiyo anali ndi tepi yoyezera m'khosi ndi mapini pakamwa, ndipo anawalavulira m'dzanja mmodzimmodzi asanayankhe moni.

Ankagwirizana. Mwa onse a m'nyumbamo, mlamu yekha ndi amene sanamufunsepo chimene anabwerera, ndipo ankamuseka kuti mathalauza ake akunja anasokedwa ndi munthu amene sanaonepo miyendo. Lero sanaseke. Sanakane kuti kabotolo ndi kake, ndi makala omwe. Atafunsidwa kuti ndi mapiritsi a chiyani, anati si a munthu. Atafunsidwa kuti nanga ndi a ndani, anaponda makina.

Mlendo anamukumbutsa kuti Sajeni akubwera, kuti mwamuna wake ali kutali, ndiponso kuti m'tauni ino munthu akakwera galimoto ya polisi, ngakhale atamubweza tsiku lomwelo, palibe mayi amene angadzamupatsenso diresi yaukwati kuti asoke. Akuyankhula, maso ake anali pa dzanja lamanja la bulauzi ya mlamuyo. Linali lonyowa mpaka m'khwapa. Lamanzere linali louma. Wotsuka mbale amanyowa manja onse awiri, ndipo safika m'khwapa.

"Alamu, ndithandizeni kuti ndikuthandizeni."

Makina anaima. Mayiyo anayang'ana kukhomo, kumene chipewa cha Mdala chimakolekedwa. Sichinalipo, poti m'mawa uliwonse Mdala ankapita kudziwe la kuseri kwa uvuni wakale wa njerwa, atanyamula kaukonde ndi botolo la jamu.

"Anditenge a Sajeniwo," anatero motsitsa mawu. "Ndikanena, alamu, pamenepo ndiye kuti ababa ndawaphadi."

* * *

Chipinda cha Mdala chinkanunkha mafuta otikitira mawondo ndi nyuzipepala zakale. Mbale ya chakudya cham'mawa inali pampando, yoyera ngati yonyambitidwa. Wailesi anali atanenetsa kuti umboni ndi umenewo: bambo amamaliza zonse zimene awapatsa, koma akuthera m'zovala.

Mlendo anaima pazenera. Ali mwana ankaona dambo lonse kuchokera pamenepo. Tsopano ankaona mpanda wa Sajeni ndi mbale ya kanema. Anatsamira, ndipo chigongono chake chinatera. Pansi pa zenera panali mafuta, ndipo nyerere zinali zitapanga msewu kuchokera pamenepo kutsika ndi khoma. Atasuzumira kuseri kwa mpanda, anakumana maso ndi maso ndi galu wa Sajeni, atakhala chonjuta pansi pa zeneralo, akugwedeza mchira ngati wolandira malipiro.

Galu ameneyu Mlendo anamupeza ali nthiti zokhazokha. Tsopano khosi lake linali ndi mapindi.

Mkazi wa Sajeni anali akuyanika mayunifolomu, ndipo sanafunike kumunyengerera. Anati galuyo wayamba matama, zakunyumba sakuzinunkhiza n'komwe. Anati ikakwana nthawi ya chakudya amakakhala pansi pa zenera la agogo ngati ali pamzere wa kuchipatala, ndipo zimagwa kuchokera kumwamba: mkate, mazira, tsiku lina mwendo wathunthu wa nkhuku.

"Ine ndimati agogo akumukonda," anatero, pegi ali pakamwa. "Koma a neba, mukawauze achepetseko. Wakuba atabwera lero, galu uyu angomuperekeza ndi maso."

Mlendo anachoka pazenera. Chakudya cha mlamu chikanakhala ndi poizoni, Sajeni akanakhala atakwirira kale galu. Mdala sankadyetsedwa choipa. Mdala sankadya.

Koma zimenezo sizinafotokoze za ufa. Anabwerera kukhitchini, n'kutembenuza bini ndi ndodo ya tsache, Wailesi akumuyang'ana ndi kunena kuti kunja anthu amaphunzira zachilendo. Pansi pa makoko a mazira panali kapepala konyezimira kamene mumakhala mapiritsi, kopanda kanthu. Pamwamba pake panali chithunzi cha galu.

M'nyumba mwawo munalibe galu chimwalirireni amayi.

* * *

Sitolo ya mankhwala a ziweto inali pamene kale panali wokonza mawotchi. Mlendo anayesetsa kusaganizira zimenezo. Mwini wake anali dokotala wa ziweto, mayi wamfupi wa mawu ofulumira, amene ankayankha anthu atatu nthawi imodzi uku akulemba pa botolo la mankhwala a nkhuku.

Anayang'ana kapepalako n'kunena kuti ndi mankhwala a njoka zam'mimba, mtundu wathyathyathya uja. Anafunsa kulemera kwa galuyo. Mlendo anati galu palibe, pali mayi wina amene amayenda ndi tepi m'khosi, ndipo masana ano apolisi akumutenga chifukwa cha mapiritsi amenewa.

Dokotalayo anasiya kulemba.

"Wa nsomba uja?"

Anamulowetsa kuseri kwa kauntala. Anati mayiyo anabwera ndi nsomba yakufa m'kabokosi ka mabatani, atakulunga m'kansalu ngati mwana. Nsombayo inali yowonda msana koma yotupa mimba, ndipo mayiyo anati zonse m'thankimo zili choncho: zimadya ngati zolipidwa, koma zikutha, ndipo zina zimakoka kaulusi koyera kumbuyo. Dokotala anaing'amba pompo. M'matumbo munatuluka nyongolotsi yoyera, yathyathyathya, yamfundomfundo, yotalika kuposa nsombayo. Telalayo anati ikufanana ndi tepi yake, kenaka anatuluka panja kukapuma mpweya.

Mankhwala opangidwira nsomba dokotalayo analibe, koma anali ndi mapiritsi a agalu a mtundu umodzi wosasakaniza ndi zina, ndipo mankhwala ake ndi omwewo. Anamuwerengera telalayo mlingo malinga ndi madzi a m'thanki, namuuza kuti asinje, asungunule, athire. Anamuuzanso kuti ayambe wachotsa makala a mu sefa ya thanki, chifukwa makala amayamwa mankhwala nsomba zisanalawe. Pakapita masiku akokolole zonyansa zapansi ndi kapaipi, asinthe madzi ena, kenaka abwerezenso mankhwalawo kuti zotsalira zithe.

Ufa, makala, dzanja lonyowa mpaka m'khwapa. Mlendo anakhala pa thumba la chakudya cha nkhuku osapempha. Anaseka pang'ono.

"Musaseke msanga, bambo," anatero dokotala. "Njoka zimenezi sizimera m'galasi. Zimalowa ndi utitiri wam'madzi, wa m'madziwe momwe muli nsomba zam'tchire. Ndinamuuza mayiyo kuti angathire mankhwala mpaka agalu onse a m'tauni muno atsale opanda piritsi, koma ngati wina akupitiriza kuthira za kudziwe, ndi ntchito yachabe. Kodi amene amadyetsa nsombazo ndani?"

Yankho Mlendo anali nalo kale. Ankaona kaukonde, botolo la jamu, ndi chipewa chimene m'mawa uliwonse chimachoka pa msomali.

* * *

Sajeni anali ataweruka msanga. Mlendo anamupeza pabalaza, chipewa chili pabondo, akuoneka ngati munthu amene akanakonda kukhala kwina. Mlamu anali ataima pafupi ndi khomo ndi kachikwama kakang'ono, tepi atavula. Wailesi anali pakati pa nkhani, pa ndime ya makala.

Mlendo anafuna kukokera Sajeni panja kuti amuuze mwakachetechete. Mlamu anamuwerenga pankhope, napukusa mutu pang'ono, kumupempha kuti asaulule. Tsopano Mlendo ankamvetsa. Chimwalirireni amayi, Mdala sankapita kutchalitchi, sankapita kwa anzake, sankamvera mpira. Chimene chinkamudzutsa pabedi ndi kumuveka nsapato chinali ulendo wa kudziwe, kukatengera nsomba za mkazi wake chakudya chamoyo. Ndani akanamuuza kuti botolo limenelo ndi limene likuzipha?

Koma geti linalira, ndipo Mdala analowa, thalauza litanyowa m'munsi, botolo lili m'manja, timadontho tamoyo tikudumphadumpha m'madzi obiriwira. Anayang'ana wapolisi, kachikwama, kabotolo ka ufa patebulo.

"A Sajeni, mwabwera kudzamanga ndani m'nyumba mwanga?"

Wailesi anatsegula pakamwa. Mlendo anamutsogolera. Moyo wake wonse anaugwiritsa ntchito pouza anthu zolakwa zawo ndi inki yofiira, ali kutali, osawaona nkhope. Apa panalibe pobisala. Anayamba ndi galu wa Sajeni, ndi mafuta a pazenera, ndipo Sajeni anakhosomola. Kenaka ananena za kapepala ka m'bini, za dokotala, za makala a mu sefa. Pomaliza ananena za dziwe. Anasankha mawu ofewa, koma mawu ofewa a nkhani imeneyo panalibe.

Mlamu anali atatseka maso.

Mdala anaika botolo pansi mosamala. Anapita pa thanki, n'kuweramira pafupi mpaka mpweya wake unachita nthunzi pagalasi. Nsomba zofiira zimene zinatsala zinabwera kudzamuona, monga mwa masiku onse. Pamiyala yapansi, pakona imene kapaipi ka mlamu sikanafike m'mawawo, panali kanthu koyera, kopindikapindika, kosayenda.

"Ichi ndi chimenecho?"

Mlamu anati ndi chimenecho, ababa. Chinatuluka mwa yaikulu ija, ya mchira wong'ambika. Anati dzulo yayamba kuthamangitsa zinzake.

Mdala atayamba kuyankhula, ankayankhula ndi galasi. Anati mayi awo ali m'chipatala sanasiye mawu okhudza nyumba kapena ana. Anangoti nsomba zanga musazigonetse ndi njala. Anati iye anazidyetsa zabwino kuposa zimene mwiniwake ankazipatsa, zamoyo, zotola ndi manja ake. Ndiye zitayamba kufa imodziimodzi, zili zokhuta, anaganiza kuti mwini wake wayamba kutolera katundu wake. Ndipo iye ankadziwa kuti pa katunduyo alipo.

"Mayi anu sankakonda kudikira munthu," anatero. "Ndinati ndisawachedwetse ndi kudya."

Wailesi anakhala pansi pomwe anaimapo, dzanja lili pakamwa.

Mdala anatembenuka, n'kuyang'ana mpongozi wake kuyambira kumutu mpaka ku kachikwama.

"Ndiye mukuti si mayi awo. Ndi njoka zam'mimba."

"Ndi njoka, ababa."

"Za agalu."

"Mankhwala ndiwo a agalu, ababa."

Phewa la Mdala linayamba kugwedezeka. Mlendo anasendera pafupi kuti amugwire, poganiza kuti akulira, ndipo mwina poyamba ankaliradi. Koma chimene chinatuluka chinali chiseko chija Mlendo anachisiya m'nyumba muno asanakwere ndege, chokhosomola, chogwira m'mimba, chimene ankaganiza kuti nachonso anachidula pamodzi ndi mtengo wa mapeyala. Mdala anati wakhala akukonzekera ulendo wakumwamba chifukwa cha nyongolotsi. Anati mayi awo akanamva, akanamuseka mpaka aneba kubwera.

Sajeni anaimirira, navala chipewa, nati iye sakuonapo mlandu, kupatula wa kunenepetsa galu wa wapolisi popanda chilolezo. Anatenga kachikwama m'manja mwa mlamu n'kukaika yekha pa makina osokera.

Wailesi anapita pamene panali mlamu wake. Kupepesa sikunali m'gulu la mapulogalamu ake, ndipo anayamba ndi kunena kuti munthu aliyense akanaganiza chimodzimodzi, kuti ufa ndi makala si zinthu zosunga ndi mabatani. Kenaka mawu anamuthera pakati pa chiganizo, chinthu chimene Mlendo anali asanachionepo, ndipo anangogwira dzanja lonyowa lija n'kulifinya ngati akulichapa.

Mdala anatola botolo la jamu, natuluka nalo pakhonde, nakhuthulira m'maluwa. Anaima akuyang'ana botolo lopanda kanthu, ndipo Mlendo anaona mantha a mlamu akubwerera pankhope. Mayiyo anafulumira kunena kuti dokotala anati utitiriwo ukhoza kuwetedwa pakhomo, mu mgolo wa madzi oyera momwe simunalowepo nsomba, ndipo mbewu yake yabwino angaipeze. Kungoti pamafunika munthu wouyang'anira m'mawa uliwonse. Mdala anati mgolo si dziwe. Mgolo ulibe mbalame.

"Kudziweko tizipitabe," anatero Mlendo. "Botolo lizitsala."

Bambo ake anamuyang'ana ngati akumuona koyamba chibwerereni. Anamufunsa ngati nsapato zake zakunjazo zimadziwa matope. Anamuuzanso kuti asayembekezere zambiri: dziwe lija ankasambamo linachepa, mbali ina anatayako zinyalala, ndipo uvuni unagwa. Mlendo anati zimenezo wazizolowera.

Atabwerera m'nyumba, Mdala anakhala pa mpando wake woyang'anana ndi thanki, namasula lamba pa bowo limodzi ngati munthu amene ali ndi mapulani. Anati akumva njala. Wailesi analumpha kuti akaphike, koma Mdala anamubweza ndi dzanja.

"Aphike apongozi. Mazira, ndi mkate wokazinga mbali zonse. Akafuna athiremo ufa wawo uja, mwina nanenso ndili nazo."

Mlamu anapita kukhitchini akupukuta m'maso ndi dzanja louma. Posakhalitsa mafuta anayamba kulira m'poto, fungo linadzaza nyumba n'kutulukira kunja. Mdala anatuma Mlendo kuti akatseke zenera la kuchipinda.

Pansi pa zeneralo galu wa Sajeni anali atafika kale, atakhala mwaulemu, maso ali m'mwamba. Mlendo anamupepesa, nakoka chotsekera.